Majombo Ochokera ku Mangalande

Amuna anga anakhala ku Mangalande miyezi isanu ndi umodzi akuonerera abakha. Ndikanena choncho anthu amaseka, amayesa ndikuwaseketsa dala, koma ineyo nkhani imeneyi sindinaisekepo ngakhale tsiku limodzi.

Dzina lawo ndi Fackson Mutale, koma kukomboni kwathu ku Kanyama ankadziwika kuti Bashi Ngosa, ndiye kuti bambo ake a Ngosa, monga amaitanirana anthu akwawo kumpoto. Ine ndine Felistus, Bana Ngosa, ndiye kuti amayi ake a Ngosa. Maina amenewa anatikakamira ngakhale Ngosa mwiniwake anali atagona kale kumanda a Chingwere. Anamwalira mu Febuluwale 1989 ali ndi zaka ziwiri, ndipo chinamupha ndi madzi. Kanyama anakhala pathanthwe. Mvula ikagwa madzi salowa pansi, amangoima, kenaka amasakanikirana ndi za m'zimbudzi n'kulowa nazo m'nyumba osaodira. Mwana anayamba kutsegula m'mimba Lachitatu, Lachisanu tinali pamaliro. Pochoka kumanda ndinalumbira mumtima kuti mwana wanga wina sadzakwawa pansi pa nyumba imeneyo.

Kumapeto kwa Epulo, ndili ndi pakati pongoyamba kumene, kuntchito kwawo anawasankha kuti apite kukosi ku Mangalande. Anali kalaliki wa mosungira zipangizo pakampani ina ya boma, ndipo kosiyo inali yophunzira kasungidwe ka katundu, ngakhale mosungiramo munali mutatsala mashelefu okhaokha. Zimenezo sizinatidetse nkhawa. Masiku amenewo aliyense ankadziwa chimene munthu amapitira kukosi. Kwacha inkasungunuka m'manja, ufa tinkagula ndi makuponi, sopo ndi mafuta ophikira tinkaimira pamzere osadziwa n'komwe ngati zabwera. Kosi yakunja inali mwayi wa kamodzi pamoyo wa munthu. Lamulo lake silinalembedwe paliponse, koma ngakhale wogulitsa makala ankalidziwa: ukafika kumeneko umadya buledi ndi tiyi, umayenda wapansi, umavala jekete limodzi mpaka libooke m'zigongono, alawansi osaikhudza. Pobwera umabwera ndi katundu. Ba Rex, a ofesi imodzi ndi amuna anga, anabwerako nthiti zikuwerengeka, koma pambuyo pawo panabwera minibasi. Nthiti zimenezo tinkazipatsa ulemu.

Ife sitinkafuna minibasi. Ku Lilanda kunali mkulu wina, Ba Chalwe, amene anapuma ntchito kumigodi n'kudzamanga nyumba ziwiri pamtunda, pamalo pamene madzi saima. Yaing'onoyo, ya zipinda ziwiri, ankafuna kuigulitsa, koma osati ndi kwacha. Iwo ankafuna vidiyo ndi wailesi yakanema ya mitundu kuti atsegule malo oonetsera mafilimu a karate. Ndinawapeza ndine mkulu ameneyu, ndinawagwadira ndine, ndipo amuna anga asanakwere ndege tinapita tonse awiri kukagwirana nawo chanza.

"Mukabweletsa vidiyo, makiyi ni yanu," anatero Ba Chalwe. "Koma osapitilila Novemba. Bambili baifuna nyumba iyi."

"Osavutika, mudala," anayankha Bashi Ngosa. "Vidiyo ni kanthu kang'ono ku UK."

Ndinaima pakhomo pa nyumbayo n'kuyang'ana pansi pake pouma, pofiira, mpaka misozi inalengeza. Ndinali nditasankha kale pakona poika bedi.

Makalata anayamba kubwera mu Juni. Sanali makalata enieni koma timakadi ta zithunzi: kena nkhosa pakapinga, kena nyanja pakati pa mapiri, kena mwala woima wokha pachigwa. Ndinkapita nato ku Matero kwa mkulu wanga Betty, amene amagulitsa salaula, zovala zakaunjika, ndipo pakamwa pake sipachedwa. Kadi ina inati: "Bana Ngosa, lelo tinali ku mapili ya choko pambali pa nyanja. Ni yoyela monga unga wa bulekifasiti. Sembe munaliko."

"Choko?" anatero Betty. "Ba mulamu bafuna kunkhala ba ticha manje? Nanga va vidiyo sibakambapo bwanji?"

Ine ndinawaikira kumbuyo. Ndinati makalata amadutsa m'manja ambiri, munthu wanzeru sangalembe za vidiyo pakadi yopanda envelopu kuti akuba a Kanyama ayambe kunola zikwanje. Betty anangondiyang'ana pamimba, n'kupitiriza kupinda malaya. Lero ndikakumbukira mmene ndinkawateterera ndimachita manyazi kuposa mmene ndimakwiyira.

Anafika kumapeto kwa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Chinthu choyamba chimene ndinaona chinali masaya. Munthu wochokera kukosi sabwera ndi masaya. Anali atanenepa, khungu lili see, akuyenda ngati wapolisi wa pa perete. Koma pambuyo pawo panali thiranki lachitsulo limene amuna awiri analephera kulinyamula mpaka anaitana wachitatu. Kulemera kwake kunandikhazika mtima pansi.

Anakana kulitsegula tsiku limenelo. Anati tidikire Loweruka kuti anthu onse aonere limodzi. Loweruka masana nyumba inadzaza: Betty, anansi, azimayi a kutchalitchi, ndi Ba Chalwe atavala suti yawo ya kumigodi, makiyi awiri atawamangirira pachingwe cha nsapato akuwazunguza pachala. Ndinali nditaphika nkhuku imene ndinaisunga miyezi itatu.

Chivundikiro chitatseguka, pamwamba panali majombo a mphira obiriwira, ofika m'mawondo. Anawatulutsa ndi manja awiri n'kuwaimika patebulo, pambali pa nkhuku. Kenaka anatulutsa magalasi oonera kutali, aja a maso awiri. Kenaka mabuku a mbalame, onenepa ngati Baibulo la paguwa, ndi mapu ambirimbiri opindapinda. Pansi pake panali miyala. Ndikunena miyala, yokutidwa bwinobwino m'manyuzipepala, uliwonse ndi kapepala kake kolembapo kumene unatoledwa. Munthu anakweza miyala m'ndege kubwera nayo ku Kanyama, kumene sungakumbe ngakhale dzenje la zinyalala osathyola khasu.

"Bashi Ngosa," ndinatero, "vidiyo ili kuti?"

"Yembekezani, Bana Ngosa. Muzaona vinthu vopambana vidiyo."

Pomalizira anatulutsa kabokosi kachitsulo kokhala ndi diso lagalasi kutsogolo ndi chingwe cha magetsi kumbuyo. Ba Chalwe anasendera pafupi, nakasisita ndi chala.

"Ni mtundu wa manje uyu?" anafunsa. "Nanga TV yake?"

"Siifuna TV, mudala. Ionetsa pa chipupa, vikulu monga ku cinema."

Ba Chalwe anagwedeza mutu mokhutira, ndipo ine, chitsiru, ndinayambanso kupuma. M'nyumba mwathu munalibe magetsi, choncho gulu lonse linanyamuka kupita kutaveni ya Bana Chisala, mayi wa mawu aakulu amene anali ndi magetsi ndi chipinda chakumbuyo. Anatchinga mazenera ndi mabulangete. Pakhoma anapachika nsalu yanga yoyala pabedi, ya paukwati. Omwa mowa atamva kuti kuli filimu ya ku UK yaulere analowa ndi zikho zawo za chibuku m'manja, mpaka m'chipindamo munalibe poponda.

Kabokosi kanalira kuti khatya, ndipo pansalu panaoneka phompho loyera, lalitali, pansi pake nyanja, pamwamba pake kapinga wometedwa bwino. M'mphepete munaima kamunthu kovala majombo obiriwira.

"Apa ni pa Seven Sisters," anayamba Bashi Ngosa, ndi mawu amene sindinawamvepo, ofewa ngati a wansembe. "Vonse ivi voyela ni choko. Ukaimilila pamwamba, mphepo ikumenya, nyoni zipita pansi pako. Pansi pako, osati pamwamba." Nyoni zimenezo ankanena mbalame.

"Balimapo chani pamwamba apo?" anafunsa bambo wina.

"Sibalima. Ni poyenda chabe."

"Kuyenda kuti?"

"Kulibe. Uyenda, uyenda, pa last ubwelela pamene unayambila."

Anthu anayang'anana. Ku Kanyama munthu woyenda tsiku lonse osadziwa kumene akupita timamudziwa: ngati si wakuba, ndiye kuti mutu sukugwira. Koma amuna anga sanaone chilichonse pankhope za anthuwo. Anatifotokozera kuti mphunzitsi wawo wina, mzungu wokalamba, anawaona ali okhaokha Loweruka loyamba n'kuwaitana kukayenda kuthengo ndi kagulu kake. Anthu onse opita kukosi amadziwa yankho la kuitana kotere. Umathokoza, umati uli ndi chimfine, n'kubwerera kuchipinda kukamwa tiyi wako. Iwo anavomera. Ndipo atavomera kamodzi, Loweruka lililonse linakhala la sitima, la basi, la nyumba zogona alendo, kuzungulira dziko la eni kuyang'ana zimene Mulungu anangozisiya poyera.

Khatya. Nyanja yaitali pakati pa mapiri, kumpoto kwa dzikolo, mvula ikugwa. Khatya. Phanga. Khatya. Nkhalango, ndi gulu la nyama zonga mbawala, zonenepa, za nyanga ngati nthambi, zitaima chapafupi kwambiri moti mwana akanatha kuzigenda.

Apa anthu anadzuka. Ambiri m'chipindamo nyama anailawa komaliza pa Khirisimasi.

"Iyee! Munadyako, Ba Fackson?"

"Awe, sibadya. Ni zoona chabe."

"Nanga ni za ndani?"

"Ni za aliyense. Uziona, uzisiya."

Munthu wina kumbuyo anatsonya mokweza. Chithunzi chotsatira chinali cha zinyama zina zamafuta zitagona pamchenga m'mbali mwa nyanja, zonga nkhumba zopanda miyendo. Anati anakwera bwato kukaziona, anasanza ulendo wonse, ndipo linali tsiku labwino kwambiri. Kenaka panabwera chithunzi cha dzenje. Dzenje basi, pansi pa mtengo, ndi dothi pakhomo pake. Anati mmenemo mumakhala kanyama konga chiuli, ndipo iwo ndi azungu asanu anakhala pansi maola atatu osayankhula, osatsokomola, kukadikira kuti katuluke.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero, akundiyang'ana ine, chifukwa mwambiwo anaphunzira kwa mayi anga.

"Kanatuluka?" anafunsa Betty.

"Kanatuluka, mulamu. Koma kamela inachedwa."

Maola atatu. Ine ndi mimba yanga ndinkaima maola atatu pamzere wa ufa, koma pamapeto pake nthawi zina ndinkabwerako ndi thumba pamutu.

Ndiye kunabwera chithunzi chimene chinamaliza zonse. Pansalu yanga yaukwati panaoneka madzi. Madzi osayenda, otuwa, ofika kutali, mabango apa ndi apo, matope, ndi abakha ambirimbiri. Pambali panali kanyumba kamatabwa kofanana ndi chimbudzi, kali ndi kazenera kopyapyala.

"Apa ndiye pamtima panga," anatero Bashi Ngosa. "Ni ku Norfolk. Ninayendako ka five. Ulipila pa geti, ungena mu kanyumba aka, unkhala zii, uona nyoni. Zina zichoka kutali maningi. Bazungu bapasunga dala so, kuti manzi yasaume."

Bana Chisala anaika botolo pansi, nayandikira nsalu, manja m'chiuno.

"Imwe banthu," anatero, "si kuseli kwa taveni yanga uku mu Febuluwale?"

Chipinda chinaphulika. Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa, ena chibuku chinawatulukira m'mphuno. Wina analoza kanyumba kaja n'kunena kuti ndi chimbudzi cha Ba Rex asanasamuke.

"Ba Fackson, sembe munakamba!" anafuula Bana Chisala. "Sembe tinakulipilitsani ise pano pamene, kopanda na ndeke! Na mabakha nili nayo yatatu!"

Ine sindinaseke. Ndinayang'ana madzi aja pansalu, ndipo ndinaona madzi amene anatenga mwana wanga. Munthu amene ananyamula kabokosi ka maliro a Ngosa ndi manja ake anapita kutsidya kwa dziko lapansi kukalipira pageti kuti aone madzi oima. Kasanu.

Ba Chalwe nthawi yonseyi ankadikira moleza mtima pampando wakutsogolo. Phokoso litachepa anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Mwana wanga, vonse ivi naona. Manje viyamba liti kuyenda?"

"Sivimayenda, mudala. Ni ma silaidi."

"Karate ingangene umu?"

"Awe."

Mkuluyo anaimirira, nakonza jekete lake, n'kuika makiyi m'thumba lam'kati. Ndinawatsatira panja mmene ndinaliri, ndi mimba ya miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ndinagwada pafumbi pamaso pa ana osewera ndi zidakwa.

"Ba tata, tipaseniko nthawi. Nizagulitsa vilivonse."

"Mayo, imani, muzazipweteka," anatero, ndipo anandidzutsa okha mwaulemu. "Muzagulitsa chani? Myala? Kuli munyamata wa ku Marapodi abwela next week kuchoka ku kosi. Uja amvela. Anatuma kale chithunzi cha vidiyo, na bokosi yake."

Kunyumba ndinawadikira kuti alowetse thiranki lawo, ndinatseka chitseko, ndipo ndinalankhula. Sindibwereza zonse, zina si za pakamwa pa mkazi wopemphera. Ndinawauza kuti andigwiritsa fuwa lamoto pamaso pa Kanyama yense. Ndinawafunsa ngati mwana ali m'mimbayu adzagone m'jombo. Iwo anakhala pabedi, magalasi aja ali pamiyendo, akuwapukuta ndi kansalu kake kapadera.

"Ninali kuganiza kuti nizasunga ndalama mwezi wokonkhapo," anatero motsitsa. "Mwezi uliwonse ninali kukamba so. Bana Ngosa, imwe simuziba. Kuchokela pamene Ngosa anayenda, nenze sinigona. Ku ofesi nenze kuona nkhope yake pa ma shelufu. Mu kanyumba kaja ka mapulanga ndiye mwamene mutu wanga unankhala zii first time. Kulibe laini, kulibe makuponi, kulibe munthu akupepesa. Nyoni chabe."

Sindinama, mawu amenewo anandilasa, ndipo kwa kanthawi ndinaona munthu amene ndinakwatiwa naye. Koma chisoni changa chinapsa msanga ngati udzu wa mu Okutobala. Kodi Ngosa anali wa iwo okha? Ine amene ndinamubereka ndinatsala m'nyumba yomweyo, kugona pabedi lomwelo, kukolopa pansi pomwe anakwawapo, ndipo palibe mzungu anabwera kudzanditenga kuti ndikapumitse mutu kwa abakha. Ndinalira chimodzimodzi, koma ndikulira ndinapita ku Lilanda kukafuna nyumba. Iwo anatenga chisoni cha tonse awiri n'kukachichiritsa okha, ndi nyumba ya mwana wathu.

"Mwachila manje?" ndinafunsa.

Anapitiriza kupukuta magalasi.

Novembala anadutsa. Mnyamata wa ku Marapodi analowa m'nyumba ya ku Lilanda, ndipo ndinamva kuti mkazi wake anaika bedi pakona yomwe ija. Amuna anga anayesa kugulitsa kabokosi ka zithunzi, koma ndani akanagula filimu yosayenda? Magalasi ndi majombo anakana kugulitsa. Loweruka lililonse ankavala majombowo, dzuwa lili pamutu, n'kupita kumiyala ya kuseri kwa komboni ndi buku m'khwapa kukalemba maina a mbalame. Dzina la Bashi Ngosa linafa. Kuyambira kumsika mpaka pokwerera minibasi anali Ba Mabakha, ndipo ine ndinali Muka Mabakha, mkazi wa Mabakha. Ndikamadutsa, azimayi a pampopi ankalira ngati abakha chapansipansi.

Mwana anabadwa sabata ya Khirisimasi, wamkazi. Bambo ake anamutcha Nsama. Anali ndi mphumi ya Ngosa, moti poyamba ndinkaopa kumuyang'anitsitsa.

Mvula yeniyeni inabwera pakati pa Januwale. Inagwa masiku atatu osapuma, ndipo m'mawa wa tsiku lachinayi ndinatsitsa phazi pabedi n'kuponda m'madzi. Bedi tinali titalikweza panjerwa, koma madzi anali atafika kale theka la miyendo yake. Mbale zinkayandama. Fungo lake ndinalizindikira nthawi yomweyo, fungo la Febuluwale uja. Kunja anthu ankaitanizana, ena akutunga madzi ndi zidebe kuwataya pakhomo kuti alowenso pazenera. Kunali kutamveka kale kuti kolera yayamba m'makomboni.

Mphepo inali itakanganula lata limodzi pamwamba pa bedi. Bashi Ngosa anati akwere akalitsendereze, ndipo kwa nthawi yoyamba miyala ya ku Mangalande inapeza ntchito. Anaiika m'thumba la ufa. Majombo anawavula n'kuwaimika patebulo, chifukwa anati pamalata onyowa amaterera. Anakwera opanda nsapato. Sindinaone kuti magalasi aja anali m'khosi.

Ndinamva akuyenda padenga, ndinamva mwala woyamba ukugunda, wachiwiri. Kenaka kunati zii. Ndinakhala pabedi, miyendo nditaipinda, Nsama ali pabere, madontho akugwerabe pabulangete. Ndinadikira. Madzi anakwera mpaka anakhudza m'munsi mwa matiresi.

"Bana Ngosa!" Mawu awo anatsika kudzera pabowo la lata, odzaza ndi chimwemwe. "Bana Ngosa, chokani panja muone! Fulumilani!"

Ndinayesa kuti mwina kwabwera galimoto yodzatithandiza. Ndinaimirira pabedi n'kusuzumira pazenera. Mvula inali italekeza. Komboni yonse inali nyanja yotuwa, madenga okha ndi zimbudzi zikutuluka pamwamba, ndipo pamwamba pa madziwo pankauluka anamzeze mazanamazana, akutsika n'kukwera, kudya tizilombo.

"Mwaziona? Ni zamene zija!" anafuula. "Za ku England! Zenze kumanga visa voikilamo mazila mu kanyumba kaja ka mapulanga! Kukayamba kuzizila kuja zithaba, zibwela kuno. Zauluka ulendo wonse uja, Bana Ngosa, tunyoni tung'ono so! Zanikonkha!"

Ndinaziyang'ana mbalamezo. Ndinafuna kutukwana, koma mkwiyo sunabwere. Chimene chinabwera chinali chozizira, ndipo ndinadziwa kuti ulemu wanga wotsiriza pa munthu ameneyu watha. Ngakhale kambalame kosaposa chibakera cha Nsama kamadziwa kuti malo akaipa umanyamuka nyengo isanakupeze.

Ndinabereka Nsama kumbuyo n'kumumanga ndi zitenje ziwiri. Matewera, kadi ya kusikelo ndi chithunzi cha Ngosa ndinazikulunga m'chitenje chachitatu. Kenaka ndinayang'ana madzi aja, ndi mapazi anga osweka m'zidendene, ndi patebulo. Ndinatambasula dzanja n'kutenga majombo. Anali aakulu, ndinachita kutsendera manyuzipepala a miyala ija kuzala. Ndinatsika pabedi n'kuima m'madzi, ndipo kunena zoona azungu majombo amadziwa kupanga. Sanalowe ngakhale dontho.

Nditatuluka panja anandiona ali padenga.

"Mwavala majombo yanga? Ni bwino, bwelani ku side uku, muzaona bwino!"

"Niyenda ku Matero kwa ba Betty."

"Muzabwela liti?"

"Mukapeza nyumba pouma, muziba kwamene nili."

"Manje ine nizaseluka bwanji? Bana Ngosa! Nilibe nsapato!"

"Nkhalani zii," ndinatero. "Muone nyoni."

Ndinayenda pang'onopang'ono, kufufuza pansi ndi phazi kuopa maenje, mtolo pamutu, mwana akupuma pamsana panga. Pataveni, Bana Chisala anali ataima pakreti ya mabotolo, abakha awo atatu akusambira pakhomo. Anandiyang'ana kumapazi, anandiyang'ana kumaso, ndipo tsiku limenelo sanaseke. Anangoti, "Endani bwino, mayo."

Nsama anakwawira ku Matero, pasimenti youma ya m'nyumba ya Betty, pakati pa mabelo a salaula. Bambo ake ankabwera kudzamuona pakutha pa mwezi, atavala nsapato za kuofesi, ndipo nyumba pouma sanaipeze. Tsiku lina ndinawamva akuuza Betty pakhonde, ndi mawu aja ofewa, kuti m'mawa umene uja anandiona ndi magalasi njira yonse. Anati anandiona ndikudutsa pataveni, pamsika, pampopi, mpaka kumsewu waukulu. Anaona ngakhale kachipewa ka Nsama, ndi mmene ndinaimira kukonza chitenje ndisanakwere minibasi.

"Yamphamvu maningi magalasi yaja, mulamu," anatero. "Nenze kuona vonse, monga bali pafupi."

"Nanga munachitapo chani?" anafunsa Betty.

Ndinaleka kuchapa kuti ndimve yankho. Panalibe. Munthuyo anaphunzira bwino ku Mangalande: uziona, uzisiya.